Pa mapu a tauni, chigafa changa chili pati?

Dziko lathu limadya fodya, ngakhale ambiri a ife sitisuta. Mafuta a galimoto, mankhwala a m'zipatala, feteleza, zitsulo za zigayo, zonsezi timaitanitsa kunja, ndipo pafupifupi theka la ndalama zakunja zogulira katunduyu limachokera ku tsamba lothyoledwa m'minda ya ku Kasungu, Dowa, Mchinji, Ntchisi, Mzimba ndi Rumphi. Msika ukamatsegulidwa cha mu Epulo, akuluakulu a boma amapita ku Kanengo kukaligwira tsambalo ndi manja awo, atolankhani ali pambuyo. Mitengo ikakhala yabwino, ogulitsa malata, njinga ndi mawailesi amadziwa, ngakhale amayi a zitumbuwa pa depoti amadziwa. Koma munthu wamba akati atsegule kabizinesi kokhudza fodya yemweyo m'tauni, amazindikira msanga kuti amene anajambula tauniyo sankamuwerengera.

Ndinagwira ntchito yosankha fodya nyengo zambiri. Zala zanga zimasiyanitsa tsamba la m'munsi ndi la kunsonga maso ndili chitsinzinire, ndipo belo lonyowa ndimalimva fungo ndisanalimasule. Pa ntchitoyo ndinaona alimi akulira ndi zinthu zopeweka. Munthu walimbana ndi nazale kuyambira Seputembala, waokera ndi mvula ya Disembala, wathyola, wasoka, wapachika pa mikangala m'chigafa, koma pomaliza penipeni wasakaniza magiredi m'belo limodzi, kapena wadinda fodya adakali ndi chinyezi, kapena kachingwe ka pulasitiki kalowerera pakati. Belo lotere ogula amalikana, apo ayi amaligula pa mtengo wa tsamba lonyozeka limene alipezamo. Likabwezedwa, mlimi amadikira masabata, ngongole ya feteleza ikubereka, wa thiransipoti akuyimba foni m'mawa ndi madzulo.

Nditasiya ntchito, maganizo anga anali osavuta. Kuseri kwa nyumba yanga, pa boma lina la m'chigawo chapakati, panali malo okwanira shedi ya malata. Ndinkafuna kuyikamo mabenchi osankhirapo, sikelo ndi jeke, kuti alimi a m'midzi yozungulira azibweretsa fodya wawo, ine ndi anyamata anga tiziwasankhira, kuwadindira mabelo abwino, iwo azilipira pa belo. Kumaso, moyang'ana msewu, ndinkafuna kashopu ka ziguduli, ulusi wosokera ndi timipeni. Kugula fodya wa munthu sindinkafuna. Ntchito imeneyo ndi ya mavenda amene amayenda ndi sikelo yonama m'midzi mwezi wa Febuluwale, njala ili pachimake, ndipo malamulo a fodya saivomereza.

Bizinesi yotere ili ndi makomo atatu. Loyamba ndi la Tobacco Commission, bungwe limene kale tinkalitcha TCC lisanasinthe dzina ndi lamulo la 2019, limene limapereka ziphaso kwa alimi, ogula, onyamula ndi osankha fodya. Lachiwiri ndi chiphaso cha bizinesi. Lachitatu ndi limene ambiri salidziwa mpaka atagundamo mutu: chilolezo chosintha kagwiritsidwe ntchito ka malo. Lamulo la mapulani la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1988, limaona kusandutsa ploti yogonapo kukhala malo a ntchito ngati chitukuko chofunika chilolezo, ngakhale munthu usanayike njerwa imodzi. Pepala la ploti nalonso limanena ntchito imene malowo anaperekedwera. Langa limati nyumba yogona.

Mu ofesi imene ndinakapereka pempho langa munali mapu aakulu okhomedwa pa khoma, m'mphepete mwake mutayamba kupindika ndi chinyezi. Anapakidwa mitundu: apa chikasu, apo kufiira, uko kubiriwira. Mnyamata amene anandilandira anali waulemu, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anafufuza nambala ya ploti yanga ndi nsonga ya bolopeni, n'kuyima.

“Madala, inu muli pa chikasu. Chikasu ndi nyumba zogona basi.”

“Nanga shedi ya fodya imakhala pa mtundu uti, achimwene?”

Bolopeni ija inayenda ulendo wautali, kudutsa msika, kudutsa chipatala, mpaka kumapeto kwa pepala kumene kunali kachigawo kofiirira. “Uku, kwa mafakitale. Koma perekani mafomu, akomiti akaona.”

Yankho linabwera patapita miyezi. Inali kalata ya Chingerezi ya mizere iwiri, yonena kuti pempho langa lakanidwa chifukwa silikugwirizana ndi pulani ya deralo. Panalibe mawu ena. Potuluka pa geti tsiku limenelo, bambo wina amene amakhalira kuzungulira pa maofesi ndi chikwama chakuda anandipeza. “Bwana, musadandaule, izi timazithetsa. Mungopeza kangachepe ka akuluakulu, sabata yamawa pepala lili m'manja.” Kunyumba, alamu anga anali ndi nzeru ina. “Alamu, inu mwachulutsa ulemu. Ndani anapempha chilolezo m'dera muno? Uyo ali ndi chigayo, uyo amawotcherera zitsulo pakhonde, uyo wasandutsa pabalaza kukhala bala. Mangani basi, akabwera muzikambirana.”

Alamu anga sananame. M'matauni mwathu bizinesi zambiri za m'makomo zinayamba choncho, ndipo zambiri zilipobe. Koma ine ndinali kuyika m'shedimo ndalama zonse zimene ndinapuma nazo ntchito. Ndinaonapo makoma atalembedwa chizindikiro chofiira, ndinaonanso zimene zinachitika mu 2006 pa Operation Dongosolo, mavenda amene anakhala m'misewu zaka zambiri atachotsedwa m'masiku ochepa. Munthu wogwira ntchito mobisala amakhala wa aliyense: wovala yunifomu aliyense akadutsa, mtima uli phaphapha, dzanja lili m'thumba. Nacho chiphuphu chimagula kukhala chete kwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo akasamutsidwa, wobwera m'malo mwake amayamba mtengo wake. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Lonjezo la pa geti linali fodya wa pachala. Ine ndinkafuna pepala loti ngakhale nditamwalira, ana anga akhoza kulionetsa.

Choncho ndinasankha kutsutsa, koma kutsutsa polemba. Amene anandithandiza ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito wa kumpingo kwathu, amene amasunga kabuku ka malamulo aakulu a dziko m'kabati limodzi ndi mabuku a nyimbo. Anandionetsa ndime ziwiri. Ndime 29 imapatsa munthu aliyense ufulu wochita ntchito yopezera zosowa zake paliponse m'Malawi. Ndime 43 imati ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokhudza munthu, ichite motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndipo munthuyo ali ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa. Anandichenjezanso kuti ndisathamange ndi ndime 29 yokha, chifukwa ndime 44 imalola kuchepetsa maufulu ena ngati lamulo likutero ndipo pali chifukwa chomveka. “Bambo,” anatero, “musakawauze kuti alibe mphamvu yokukanizani. Mphamvuyo ali nayo. Kawafunseni kuti akukanizirani chiyani.”

Ndinalemba kalata yaifupi, yopanda mwano. Ndinapempha kuti andiuze chimene komiti inaona kuti chingavute anthu, ndiponso kumene ndingakadandaule ndi nthawi imene lamulo limapereka. Kopi ina ndinadinditsa sitampa ya tsiku n'kusunga. Yankho lachiwiri linali la tsamba lathunthu, ndipo munali zifukwa zinayi: fumbi ndi fungo la fodya pakati pa nyumba zoyandikana, ngozi ya moto m'shedi yodzaza masamba ouma ndi ziguduli, malole olowa m'kamsewu kopapatiza, ndiponso sukulu ya pulayimale imene ana ake amadutsa pakhomo panga. Tsiku limenelo ndinamva kupepuka, ngakhale yankho linali lokana ndithu. Kalata ya mizere iwiri ija inandisiya wopanda poyambira. Zifukwa zinayi ndikanatha kuziyankha chimodzichimodzi.

Pokonzekera kudandaula ndinafunika kumva maganizo a anansi, ndipo amfumu a m'dera lathu anaitanitsa msonkhano Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo. Ndinafotokoza zonse, ndinaonetsa chithunzi cha shedi chimene mmisiri anandijambulira. Abambo angapo anavomera msanga, ena akuganiza kale za ganyu ya ana awo. Kenaka anayimirira mayi a kuseri kwathu, amene mpanda wawo ndi wanga ndi umodzi. Ndi mayi wofatsa, wosakonda kuyankhula pagulu. Anayamba akonza chitenje.

“Amfumu, ine bambowa ndilibe nawo chifukwa. Takhala bwino zaka zonsezi, maliro athu ndi amodzi. Koma inu nonse mukudziwa kuti mwana wanga wamng'ono uja ali ndi mphumu. Usiku wa Juni ndimakhala naye tsonga mpaka mbandakucha, chifuwa chikulira. Windo la chipinda chake layang'ana pomwe bambowa akufuna kuyika shedi. Ine ndinakulira pa esiteti, makolo anga anali matenanti. Fumbi la m'chigafa ndimalidziwa. Ndifunse, bambo: inuyo pa ntchito paja simunkatsokomola?”

Ndinkatsokomola. Aliyense amene wasankhapo fodya wouma tsiku lonse amadziwa kuti madzulo mamina amatuluka akuda ndipo kukhosi kumawawa. Amene amathyola tsamba lonyowa ndi mame amadziwanso chizungulire ndi nseru zimene zimabwera chikonga chikalowa pakhungu. Ndinawayankha mayiwo kuti funso lawo ndi loona, ndipo kuti sindikanatha kulonjeza kuti fumbi lidzalemekeza mpanda.

Apa ndi pamene nkhani ya fodya imasiyana ndi ya telala kapena wometa. Mbewu imene imatidyetsa ndi yomweyo imene bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati imapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Malawi analowa m'pangano la mayiko lochepetsa kusuta, la FCTC, mu 2023, atakhala kunja zaka zambiri poopa kuti alimi ake avulala. Utenanti, umene unalera mabanja ambiri mu umphawi, unathetsedwa ndi lamulo mu 2021. Munthu wolowa bizinesi ya fodya lero sangayerekeze kuti sakudziwa zimenezi. Ine sindigulitsa ndudu kapena chingambwe kwa ana, ndipo fodya wodutsa m'manja mwanga pafupifupi yense amapita kunja, komabe sindingauze mayi wa mwana wodwala mphumu kuti apirire chifukwa dziko likufuna madola. Pulani ya tauni, ikamagwira ntchito yake, imayankhulira anthu ngati mayi uja, amene alibe ndalama za loya ndiponso sangafune kukangana ndi mnansi.

Komabe kuvomereza zimenezi sikunathetse funso langa. Ngati shedi siyenera kukhala pakati pa nyumba, ikhale kuti? Ndinakwera njinga kupita ku kachigawo kofiirira kaja. Ndinapeza maploti aakulu ngati mabwalo a mpira, ena atazingidwa ndi mipanda ya njerwa koma m'kati muli tchire lokhalokha, eni ake akudikira kuti mtengo wa malo ukwere. Panalibe ploti yaing'ono ngakhale imodzi. Panalibe shedi yobwereketsa. Kuti munthu apeze malo kumeneko ankafunika ndalama zoposa mtengo wa nyumba yanga, kuonjezapo kukoka magetsi ndi madzi. Mapu ankanena zoona kuti malo a mafakitale alipo, koma anali malo a munthu wobwera ndi malole khumi. Wa jeke imodzi analibe pake.

Zimenezi sizinayambe dzulo. Kuyambira pa chiyambi, fodya wa dziko lino anakonzedwa kuti aakulu akhale pakati, aang'ono m'mphepete. Kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale yake ku Limbe mu 1908, pafupi ndi njanji, ndipo tauniyo inakula mozungulira ntchito zotero. Mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti iziyang'anira alimi akuda a fodya wa chikopa: ndani alime, akagulitse kuti. Titalandira ufulu, fodya wa bale, amene anali ndi ndalama, anasungidwira maesiteti, pamene mlimi wa pa munda wa makolo ankagulitsa chikopa chake ku ADMARC pa mtengo umene ADMARC yanena. Mpaka cha mu 1990 ndi pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale. Pokonza Lilongwe, amene anakhala likulu mu 1975, mzindawo unagawidwa m'maeriya a manambala, uku maofesi, uku nyumba, uko ku Kanengo mafakitale, ndipo lero kumeneko kuli okushoni ndi mafakitale a Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI.

Chimene chinachitika n'chakuti munda unatsegulidwa, tauni inatsala yotseka. Alimi zikwizikwi analowa mu bale, ndipo pambuyo pawo panabadwa ntchito zing'onozing'ono zambiri: osoka ziguduli, okonza majeke, osankha, onyamula pa ngolo ndi pa timalole. Misika inafika ku Mzuzu ndi ku Chinkhoma, kufupi ndi alimi. Koma mapulani a matauni ambiri anakhalabe ndi maganizo akale akuti munthu amagona uku, amakagwira ntchito uko kwa bwana, ndipo amene ali ndi bizinesi ndi kampani. Sanayembekezere dziko limene anthu ambiri salembedwa ntchito ndi aliyense, amadzilemba okha pakhonde pawo. Onjezani kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 makhonsolo athu anakhala opanda makhansala osankhidwa, ndiye kuti kwa zaka pafupifupi khumi panalibe munthu wovoteredwa woti akanene m'komiti kuti anthu a kwathu akusowa pogwirira ntchito.

Zotsatira zake timaziona tonse. Lamulo likapanda kupereka malo ovomerezeka, anthu sasiya kufuna kudya. Wowotcherera zitsulo amayatsa makina ake pafupi ndi ana osewera. Chigayo chimalira usiku pakati pa nyumba. Ndipo popeza onsewa ndi olakwa pa pepala, amene amagwidwa ndi amene alibe womudziwa, kapena amene wakana kupereka, kapena amene anapita yekha kukapempha chilolezo monga ndinachitira ine. M'dera lathu lomwelo muli malo omwera mowa amene nyimbo zake zimamveka mpaka kusukulu. Ndinayesedwa kwambiri kuti ndilembe zimenezi m'dandaulo langa, kutchula nyumba ndi nyumba. Mphunzitsi uja anandiletsa. “Mukatero mwawotcha anzanu, inu osapindula kanthu. Kulakwa kwa wina sikusandutsa fumbi lanu kukhala mpweya wabwino.” Ndinangolemba chiganizo chimodzi, chakuti kuchuluka kwa ntchito za m'makomo m'deralo ndi umboni woti pulani yatsalira m'mbuyo mwa anthu.

Dandaulo langa linagawa pempho pawiri. Ndinachotsa shedi yosankhira ndi jeke pa ploti ya kunyumba. Ndinatsala ndi kashopu ka kumaso, kogulitsa ziguduli zatsopano, ulusi ndi zipangizo, kopanda tsamba la fodya ngakhale limodzi. Ndinalemba kuti katundu azibwera pa kagalimoto kakang'ono, osati pa nthawi imene ana akupita kapena kuweruka kusukulu, kuti ndiyika chozimira moto ndi ndowa za mchenga, ndiponso kuti sindidzagulitsa ndudu. Pansi pake anasaina anansi, ndipo woyamba kusaina anali mayi a kuseri aja. Ndinaonjezera ndime yomaliza yopempha kuti, popeza andikaniza shedi pa zifukwa zomveka, andisonyeze malo ovomerezeka amene munthu wa mphamvu zanga angakwanitse.

Kudikira kunali kowawa. Nyengo ina ya fodya inadutsa jeke yanga ili chigonere pansi pa lona, ikuchita dzimbiri. Alamu anga akabwera ankangoyang'ana lonayo n'kupukusa mutu, ndipo kupukusa mutu kumeneko kunkapweteka kuposa mawu. Ndinkapita ku ofesi kukafunsa, ndikuuzidwa kuti komiti sinakhale, kuti abwana ali ku msonkhano kunyanja, kuti fayilo ikufufuzidwa. Ulendo uliwonse ndinkasiya kakalata kokumbutsa, n'kudinditsa kopi yanga. Ndinaphunzira kuti fayilo yokhala ndi makalata ambiri a sitampa siisowa msanga, ndiponso kuti kungotchula mwaulemu kuti munthu ukudziwa njira ya kwa Ombudsman kumafulumizitsa miyendo ya anthu. Sindinafike kumeneko.

Kashopu kanaloledwa, ndi mfundo zonse zimene ndinalonjeza zitalembedwa ngati malamulo a chilolezocho. Pa za malo a shedi, yankho linali lakuti pakadali pano palibe maploti aang'ono, koma nkhaniyo idzaganiziridwa pulani ikamadzakonzedwanso. Shedi ndinakaipeza ndekha: nyumba yakale yosungiramo katundu pafupi ndi msika wa mbewu, kumene kuli kale fumbi la chimanga ndi malole, ndipo ntchito zotere n'zololedwa. Lendi yake imadya gawo lalikulu la phindu, ndipo ndimapalasa njinga m'mawa uliwonse. Kunena kuti ndinapambana kungakhale kukokomeza. Kunena kuti ndinagonja kungakhalenso bodza, chifukwa alimi amabwera, mabelo anga sabwezedwa kawirikawiri, ndipo yunifomu ikadutsa pakhomo ndimapereka moni mtima uli m'malo.

Anthu akamva nkhaniyi amandifunsa ngati kunali koyenera kuvutika chonsecho. Ena amayembekezera kuti ndinene kuti malamulo a mapulani ndi opondereza amphawi, tiwataye. Sindinganene zimenezo. Walira mvula walira matope: ngati tikufuna tauni imene ambulansi ingadutse, imene moto wa nyumba imodzi sungamalize mzere wonse, imene mwana angagone osakoka fumbi, tiyenera kulola kuti nthawi zina atiuze kuti apa ayi. Ena amayembekezera kuti ndinene kuti lamulo ndi lamulo, munthu angomvera. Zimenezonso ayi. Kukana kopanda chifukwa cholembedwa kumaphunzitsa anthu kuti njira yokhayo ndi ya bambo wa chikwama chakuda uja. Ndipo kukana kumene kuli ndi chifukwa, koma kosasonyeza kwina kopita, kumangosamutsa vuto kuchoka pa desiki kupita kuseri kwa nyumba za anthu.

Chimene ndinatsutsa kwenikweni si mzere umene unalekanitsa nyumba yanga ndi mafakitale. Ndinatsutsa kuuzidwa ayi ngati mwana, popanda kufotokozeredwa, ndipo ndikutsutsabe mapu amene ali ndi malo a kampani ndi malo a bedi koma alibe malo a mmisiri. Mapu amajambulidwa ndi anthu, amakonzedwanso ndi anthu, ndipo lamulo limafuna kuti pokonza pulani eni dera amvedwe. Vuto ndi lakuti misonkhano yotere ikaitanidwa, ife a majeke ndi makina owotcherera timakhala tili kalikiliki kusaka ya ndiwo, ndipo m'holo mumadzaza amene ali kale ndi maploti.

Fodya mwina sadzakhala mfumu ya mbewu zathu mpaka kale. Osuta akuchepa m'mayiko ambiri amene amatigula, ndipo alimi ena ayamba kale kutembenukira ku soya, mtedza ndi nandolo. Koma tsiku limene shedi yanga idzasiye fodya n'kuyamba kusankha mtedza, funso lidzakhala lomweli. Mtedza nawo uli ndi fumbi, makina oswera ali ndi phokoso, malole adzafunabe polowera. Mwana wa mlimi amene adzafune kuyenga mafuta a mpendadzuwa adzayima patsogolo pa mapu omwewo. N'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga ngati ya fodya yekha.

Pano tili ndi kagulu: ine, akalipentala, owotcherera zitsulo, mwini chigayo, ndi amayi awiri opanga sopo. Tinalemba mayina a ntchito zonse za m'makomo zimene eni ake anavomera kulembedwa, kukula kwa malo amene aliyense angafune, ndi lendi imene angakwanitse pa mwezi. Ambiri sakufuna zambiri: chipinda cha mamita ochepa, denga losadontha, magetsi, mpopi umodzi wa onse ndi chimbudzi. Tinakapereka kwa khansala wathu ndi ku ofesi ya mapulani, tikupempha kuti ploti imodzi mwa zogona tchire zija igawidwe timashedi tobwereketsa. Ena m'gululi anaopa kulembetsa, akuti tikudzipereka tokha kwa ogwetsa nyumba, ndipo mantha awo ndi omveka. Koma ofesi singakonzere malo anthu amene pa mapepala ake kulibe.

Mnyamata wina wa kumudzi kwathu anabwera posachedwa kudzandifunsa nzeru, akufuna kutsegula malo okonzera majeke ndi masikelo. Ndinamuuza kuti asanagule lata ngakhale limodzi, akaone mtundu umene ploti yake yapakidwa ndipo awerenge pepala la malo ake. Akacheze ndi anansi a mbali zonse ofesi isanawafunse, makamaka amene akuganiza kuti akana, chifukwa mawu awo ndi amene adzamuonetse chofunika kusintha. Chilichonse apemphe polemba, asunge kopi ya sitampa, ndipo akakanidwa afunse zifukwa ndi tsiku lomaliza lodandaulira, poti nthawi imeneyo ikadutsa khomo limatsekeka. Akhale wokonzeka kutaya gawo la pempho lake kuti apulumutse gawo lina. Ndipo ndinamulembetsa m'kagulu kathu tsiku lomwelo, chifukwa pulani ya tauni yathu ikamadzakonzedwanso tikufuna tidzalowe m'holomo tili ambiri, mndandanda uli m'manja, tidzanene tokha kukula kwa malo amene tikufuna.